Masuti a ku Hoi An

Pamwamba pa wadirobu yanga kuno ku Tottenham pali sutikesi yobiriwira yomwe sindifuna kuitsitsa. M'katimo mudakali masuti awiri ndi diresi limodzi, zosokedwa ku Vietnam, zomwe eni ake anazikana asanaziyese n'komwe. Ndikangoiona ndimatopa, ngakhale tsiku loti sindinapite kuntchito.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, tsiku lonse uli chiimire, kenako n'kukaimanso m'sitima ya pansi pobwerera kunyumba. Tchuthi changa, zaka zonsezi, chinkathera ku Malawi. Ndipotu kumeneko si kopumira ayi. Umafika ndi katundu, umayenda kupepesa maliro onse amene anachitika iwe kulibe, n'kubwerako utatheratu kuposa mmene unapitira.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi, wobadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, makamaka mukamamunena, koma amayankha m'Chingerezi. Atamaliza maphunziro ake ku Greenwich anapeza ntchito kutali, ku Scotland. Asanasamuke anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti tipite awiriwiri kwinakwake kopanda m'bale, kopanda maliro, kopanda munthu wondiitana kuti azakhali. Anasankha Vietnam. Anakonza yekha zonse, za tsiku lililonse, n'kumata pepala pa filiji. Ine ndinalonjeza kuti masiku khumi amenewo ndi ake.

Poyamba ndinasunga lonjezo. Ku Hanoi anandiphunzitsa kuwoloka msewu pakati pa njinga zamoto zochuluka ngati njuchi. Umangoyenda pang'onopang'ono, osathamanga, osabwerera, zimakupatuka zokha. Ndinamukakamira dzanja ngati mwana ndine. Tinamwa msuzi wa ng'ombe titakhala pa timipando ta pulasitiki tofupika, mawondo anga akudandaula. Tsiku lina tinakwera bwato pamtsinje wodutsa m'mapanga. Mayi wopalasayo ankapalasa ndi mapazi, manja atagwira ambulera, nkhope ili phee ngati ali pakhonde pake. Ndinaseka mpaka misozi. Mwana wanga ananena kuti anali asanandimvepo ndikuseka choncho.

Kenako tinatsikira ku Hoi An, tauni yakale ya nyumba zachikasu, nyali za nsalu zili lendelende mumsewu uliwonse. Kumeneko kuli matelala ambiri, ndipo amasoka msanga modabwitsa. Akakuyeza m'mawa, mawa lake ukuvala. Ndinasoketsa diresi limodzi, ndipo linandikhala bwino kwabasi. Ndiye mwa chisangalalo ndinajambula chithunzi n'kutumiza pagulu la abale la pafoni, ndi mawu oti kuno suti amasoka tsiku limodzi. Chala changa ichi, abale!

Dzuwa lisanalowe miyezo inayamba kugwa. Achimwene anga aakulu ankafuna suti ya kutchalitchi. Alamu ankafuna awiri. Mng'ono wanga anatumiza miyezo ya mwamuna wake, yake, ndi ya mnansi wake yemwe sindinamuonepo. Ena anayeza ndi tepi, ena ndi chingwe n'kuchiika pa lula ya mwana wasukulu. Amalume anangolemba kuti thupi lawo ndikulidziwa kale. Ndinali nditawaona komaliza zaka zinayi m'mbuyomo.

Ndikanatha kukana, inde. Koma munthu wa kwathu sabwerako paulendo chimanjamanja, ndipo wakunja akakana amati watayika, wasanduka mtchona, waiwala komwe anachokera. Mawu amenewo ndimawaopa kuposa kutopa. Komanso mumtima ndinali ndi manyazi kuti ndakwera ndege ulendo wautali chotero osalowera kwathu. Ndinkaona ngati masutiwo andipepesera.

M'mawa mwake pa pepala la mwana wanga panali kupalasa njinga m'minda ya mpunga. Ndinamuuza kuti atsogole, ndimupeza. Sindinamupeze. Ndinakhala kwa telala mpaka masana, ine ndi mayi wosokayo tikuyang'anizana ndi miyezo yosonyeza munthu wa mikono yaitali kuposa miyendo. Tinaimba foni ku Lilongwe kuti ayezenso. Tsiku lachiwiri kunali kukwera timabwato tozungulira tonga madengu. Ine ndinali kusankha mabatani. Lachitatu tinayenera kuphunzira limodzi kuphika zakudya za kumeneko, kuyambira kumsika mpaka kukhitchini, awiriawiri. Iye anamuphatikiza ndi bambo wina wachikulire wa ku Germany.

Sanakangane nane. Zikanakhala bwino akanakangana nane. Madzulo a tsiku limenelo anabwera kwa telala ndi chakudya chomwe anaphika yekha, atachikulunga bwinobwino, n'kuchiika patebulo pambali pa nsalu. Ine ndinali pafoni ndi alamu, omwe anali atasintha maganizo pa mtundu wa suti yachiwiri. Ndinamukodola kuti adikire pang'ono. Nditamaliza anali atapita kumtsinje kukayandamitsa nyali, ndipo chakudyacho ndinachidya chozizira, ndili chiimire.

Titabwerera ku London ndinajambula zovala zonse n'kutumiza pagulu. Achimwene anati mtundu wake si umene ankaganiza. Alamu anati suti yachiwiri ija sakuifunanso. Mnansi uja anati diresi ndi lalifupi, iye ndi mayi wa mvano. Zina ndinapatsira munthu wa kutchalitchi kwathu amene ankapita kumudzi, ndipo uthenga womwe unabwera unali woti suti ya amalume sikutseka pamimba. Zikomo anabwera mmodzi yekha, wa mng'ono wanga, pamodzi ndi funso loti ndipitanso liti.

Tsiku losamuka, katundu wake ali kale pakhomo, mwana wanga anandisiyira patebulo kabuku ka zithunzi. Ndinakatsegula iye akumanga nsapato. Ku Hanoi tilipo tonse. M'bwato lija tilipo tonse, ine pakamwa pali yasa. Kuyambira pakati mpaka kumapeto ali yekha, pa njinga, m'dengu lija, atanyamula nyali, zithunzi zojambulidwa ndi anthu odutsa. Ndinamva chisoni chachikulu, koma ndinayesa kuseka. Ndinati tidzapitanso, ulendo wina ndidzasiya foni kunyumba.

Anaimirira, n'kundiyankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, liwu lililonse akulisankha.

"Amayi, ku Hoi An ndinapita ndekha. Inu munapita ku Malawi."

Zaka zonsezi ndinkapemphera kuti tsiku lina adzandiyankhe m'chilankhulo changa. Ndinamunyamulira chikwama mpaka pa basi, ndipo basiyo itachoka ndinabwerera kukavala yunifomu.