Bwinja la Pansi pa Msewu wa M8

Mizinda yambiri msewu waukulu amaulambalalitsa kunja. Ku Glasgow anaudutsitsa pakati penipeni. M'zaka za m'ma 1960 anagwetsa nyumba zosanjikizana za ku Anderston, n'kuimikapo zipilala za simenti zonyamula msewu wa M8. Ndinali mtolankhani ku Blantyre, kufufuza ndinazolowera, choncho mbiriyi ndinkaidziwa ndisanayambe ntchito yosamalira okalamba ku Maryhill, mu Glasgow momwemo. Koma pansi pa msewupo ndinali ndisanapondepo.

Pakati pa okalambawo panali bambo ena amene kale ankawotcherera zitsulo kopangira sitima zapamadzi. Mapapo awo anali atatha, miyendo nayonso. Ndikamawameta ndevu m'mawa, pempho linali limodzi: akaone pamene anabadwira, ku Anderston kuja, asanamwalire.

"Nyumbayo anagwetsa, bambo," ndinkatero.

"Ndinalipo, mwanawe. Ukuyesa mutu wafa ngati miyendoyi?"

Mwana wawo wamkazi ankakana kuti tiwatengere kumeneko. Ndinamunyengerera ndine. Kwathu mudzi ukasamuka pamatsala bwinja: mtengo wa mango, chulu, mapale, manda. Munthu amaima n'kuloza kuti khomo linali apa. Ndinamuuza kuti bwinja limatonthoza mtima. Pamapeto pake anavomera.

Tinapita atatu pa takisi Loweruka masana, mvula ikuwaza. Tinawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka pansi pa msewuwo. Pamwamba magalimoto ankangolindima, moti polankhula tinkachita kukuwa. Pansi panali miyala, zitosi za nkhunda ndi madzi odontha m'zipilala. Mtengo panalibe, ngakhale njerwa imodzi.

Bambowo anati moyang'anizana ndi nyumba yawo panali sitolo ya buledi, ndipo msewu wawo unkatsetserekera kumtsinje. Anandiuza kuti ndiwatembenuzire kumanja. Kenako kumanzere. Kenako kumanjanso. Chitsetserekocho anachisalaza kalekale.

"Adadi, ndi apa?" anakuwa mwana wawo.

"Sindikudziwa."

Anakweza dzanja kuti aloze. Linangoyendayenda m'malere n'kubwerera pabulangete.

Lolemba ndinawameta ndikudikira pempho lija. Silinabwere. Kale ankandifotokozera masitepe a nyumbayo, fungo la malasha, ndi amayi awo akuyanika zovala kuseri. Zonsezo anasiya. Anamwalira nyengo yozizira isanathe.

Pamaliro mwana wawo anandigwira dzanja, osakwiya, osamwetulira.

"Tisanapite kuja," anatero, "nyumba ija anali nayobe."