Liwu limene linakwana pa chikwangwani

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, amene ankayendetsa lole ya Che Saidi ku Limbe. Inali nthawi ya Chitaganya, dziko lathu atalimangirira ku maiko a Rhodesia ife tisakufuna, ndipo dzina limenelo anthu ankalitchula ngati akulavula. Ine ndinali nditangosiya sukulu, ndikungodya za mayi ku Mbayani. Amalume anauza bwana wawo kuti mwana wa mlongo wawo, Lusiyano, amalemba ngati makina. Sananame, koma anayiwala kunenanso kuti ndinali wodzimva.

Che Saidi anali atamanga zipinda zisanu ndi chimodzi za masitolo kuseri kwa msika, chakumunsi kwa njanji, kumene anthu sankafikako. Nzeru yawo inali yakuti akapeza amisiri osiyana ntchito, wina azikokera mnzake anthu. "Wobwera kudzamatitsa chubu cha njinga adzamwa tiyi, akamwa tiyi adzaona malaya," ankatero. Ine anandipatsa ntchito ziwiri: kunyengerera amisiri a m'makhonde mwa amwenye ndi a pansi pa mitengo kuti alowe m'zipindazo, ndi kulemba chikwangwani chachikulu cha pamwamba pa khonde.

Kunyengererako kunanditha nsapato. Patatha mwezi anavomera anayi, ndipo odalirika anali awiri: a Mpasu, telala wotchuka amene anthu ankamutsata kulikonse, ndi mayi Nasibeko, ogulitsa tiyi ndi zitumbuwa. Tinapangana kuti Loweruka adzaone zipinda.

Chikwangwani chinali lata losalala lokhomera pa matabwa. Ndinalikwecha ndi sandipepala, ndinapaka penti woyera kawiri, n'kudikira masiku awiri kuti aume. Kenako umatenga chingwe chopaka choko, kuchikunga, kuchikoka pakati n'kuchisiya, chimakusiyira mzere woongoka. Malo a zilembo umagawa ndi rula, umalemba ndi pensulo, ndiyeno burashi yaing'ono ndi penti wofiira wa oyilo wosungunula ndi tapentaini.

Che Saidi anati, "Ulembe kuti pano pali malonda osiyanasiyana." Nditayeza ndinapeza kuti OSIYANASIYANA ndi zilembo khumi ndi zitatu, ndipo sizikanakwana pokhapokha nditazichepetsa. Kuchepetsa zilembo zanga zokongolazo ndinakana. Ndinakumbukira liwu limene mayi ankanena posakaniza nyemba ndi chimanga, kutaganya. Zilembo zisanu ndi zitatu zokha! Ndinalemba MALONDA OTAGANYA, n'kubwerera m'mbuyo kudzitama. Liwulo ndinaliyeza ndi rula, sindinalitchule pakamwa ngakhale kamodzi. Che Saidi ankawerenga Chiarabu chokha, choncho anangoyamikira kufiira kwake.

Loweruka m'mawa tinachikweza. Amisiri aja anabwera, ndipo anthu a kumsika anawatsatira kudzaona. Ambiri sankadziwa kuwerenga, ndiye anapempha mwamuna wina wa chipewa kuti awawerengere. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono: "Malonda o-ta-ga-nya."

Apo m'pamene ndinalimva koyamba.

"Ati chiyani? Chitaganya?"

"Masitolo a Chitaganya awa! Atibweretsera pakhomo!"

Anthu anachuluka ngati atuluka pansi. Wina anakuwa kuti walemba zimenezi ndi kapirikoni, dzina limene ankapatsa munthu wogulitsa anzake kwa azungu. Ndinkadziwa zimene zinkachitikira munthu akapatsidwa dzina limenelo: palibe womugulitsa mchere, palibe wobwera pa maliro ake, ndipo nyumba yaudzu ngati ya mayi sinkachedwa kupsa. Ndinabisa manja m'matumba, chifukwa penti wofiira anali akadali m'zikhadabo. Mwala woyamba unagunda lata lija, n'kulira ngati belu la sukulu.

"Walemba ndani?" anafunsa wa chipewa uja.

Che Saidi akanangoloza chala, ine ndikanathera pomwepo. Sanandiyang'ane n'komwe. Anati, "Nyumba ndi yanga, chikwangwani ndi changa. Funsani ine." Koma mayi Nasibeko anandigwira pamkono, n'kutulutsa dzanja langa m'thumba anthu onse akuona. Ndinati basi, mayi awa andipereka.

"Wolemba ndi uyu," anatero. "Tamuonani. Kapirikoni amayenda nsapato zobooka chonchi? Ndi mwana wopusa chabe, Chinyanja chamukulira. Iwe, kwera ukafafanize uchitsiru wakowo."

Ena anaseka, ena sanaseke. Ndinakwera makwerero, chitini cha penti woyera chili m'manja, msana nditaupereka kwa anthu ogwira miyala. Masitepe asanu ndi awiri amenewo sindidzawaiwala. Ndinkangodikira kuti mwala ufika pati, pankhongo kapena pamsana. Ndiye penti wofiirayo anali asanaumitsitse, ndipo nditapaka woyera pamwamba, liwu lija linatulukanso, lofiirira, likuwerengeka bwinobwino. Pansi panamveka kung'ung'udza. Ndinatulutsa mpeni n'kuyamba kupala chilembo chimodzichimodzi, misozi ndi thukuta zikusakanikirana, mpaka lata linaonekera. Nditacheuka, theka la anthu linali litabwerera kumsika.

A Mpasu anabwerera limodzi nawo. Ananditumizira mawu akuti makina awo sangalowe m'nyumba yoponyedwa miyala, ndipo amisiri ena awiri anawatsatira. Amene analowa m'zipindazo ndi mayi Nasibeko okha, n'kumaphika tiyi pakati pa zipinda zisanu zotseka mpaka mvula inabwera n'kupita. Wokonza njinga anadzabwera pambuyo pake, kenako wosoka nsapato. Che Saidi sanandichotse ntchito, ndipo sanandikalipire. Tsiku lililonse ankangotsegula zipinda zopanda anthuzo kuti zipitidwe mphepo, ine ndikuona, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mbama.

Madzulo a Loweruka lomwelo ndinafotokozera mayi anga zonse. Iwo sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ndisanamalize kutchula liwu lija anagwira pakamwa.

"Unalemba zimenezo pamsewu? Bwanji sunandiwerengere kaye?"

Ndalemba zikwangwani moyo wanga wonse, za mabutchala, za mabasi, za matchalitchi. Ndisanatsegule chitini cha penti, ndimapeza kaye munthu wosadziwa kuwerenga, ndimamutchulira mawuwo mokweza, n'kumuyang'ana kumaso. Mayi ali moyo, ntchito imeneyo inali yawo, ndipo anandikanira mawu ambiri okwana bwino pa rula.