Abusa a M'minibasi

Tsiku limenelo kunali mwera. Malata ankagogoda padenga, ndipo ku minda ya mpunga ku Lifuwu amayi ankamenya zitini poingitsa mbalame. Ine ndinali pakhonde, osayembekezera munthu.

Foni yanga ndi ya mabatani, siidziwa za intaneti. Mwana wanga wamkazi amakhala ku Joni. Akafuna kundiyankhula amaimbira mchimwene wake ku Lilongwe pa intaneti, iyeyo n'kundiimbira pa foni ina, n'kugunditsa mafoni awiriwo. Mawu amafika ngati akuchokera mu mtsuko, koma amafika.

Chimwalirireni mayi awo, chimene chinkandidzutsa m'mawa chinali kukapempherera odwala. Anthu ankaimba, ine n'kukwera njinga. Nditagwa nayo pamchenga n'kuvulala bondo, mnyamata wanga wa ku Lilongweyo anabwera, n'kundiikira simu kadi yachiwiri, akuti ya banja. Kuyambira pamenepo, ana okha ndi amene ankaimba. Ndinkadziuza kuti mwina mpingo wapeza wina wamphamvu. Sindinadandaulire munthu, koma zinkandipweteka.

M'mawa umenewo anatulukira mayi wina wa mumpingo mwathu, wochokera kwa Maganga, fumbi lili mbuu kumapazi.

"Abambo, mupuma mpaka liti? Ambuye adzakupezanitu pamphasa!"

"Ndani wati ndikupuma?"

"Mwana wanu! Tikaimba nambala yanu, akuyankha ndi iye ku Lilongwe."

Ndinafulasha mnyamatayo, ndipo ataimba ndinamuuza kuti alumikize mlongo wake. Anavomera kuti anadina manambala ena oti aliyense woimba nambala yanga yakale azikagwera kwa iye.

"Ndinamutuma ndine, ababa," anatero wa ku Joni, mawu akuchokera mu mtsuko muja. "Bondo lanu lija."

"Ine ndinangodina," anatero wa ku Lilongweyo.

"Nanga odwalawo wawapempherera angati?" ndinafunsa.

Mnyamatayo anati, "Agogo ena anakana kudula foni. Ndinachita kuwapempherera ndili m'minibasi. Kondakitala anavula chipewa."

Mayi uja anaseka mpaka kukhala pansi. Wa ku Joni uja anakuwa pa foni, "Abusa a m'minibasi!"

Mnyamatayo ananditchulira manambala omasulira nambalayo, ine n'kumadina pang'onopang'ono. Tinagwirizana kuti kutali ndizipita pa kabaza, njinga yanga ikhale ya kufupi. Masana omwewo ndinapita ndi mayiyo kwa Maganga kukaona amuna awo, amene anali atagona ndi malungo.

Anawo anandibisira, ndipo ndinawauza kuti sanachite bwino. Ndinawakhululukira.