A Dailesi ndi Phulusa la Bambo Harvey

Chiyambireni kuwadziwa a Dailesi Mhango, sindinawaonepo akugula chinthu chatsopano kupatula zakudya ndi sopo. Mpando umene ndimakhalapo ndikapita kwawo ku Wakefield unali wa munthu wina, makatani anali a munthu wina, ngakhale jekete imene amuna awo amatchena nayo Lamulungu inayamba yavalidwa ndi mzungu wina amene sitidzamudziwa. Iwo alibe nazo manyazi. Ukayamikira chinthu m'nyumba mwawo, amakuuza tsiku limene anachipeza ndi zina zimene zinali nacho m'katoni imodzi.

Anakulira ku Bangwe, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri anagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Kumeneko ndiye kumene anaphunzira kugula chinthu osachiona. Belo umaligula lomanga, mwini wake salola kuti udule waya. Umangosuzumira m'mphepete mwa pulasitiki, kulitukula pang'ono kuti umve kulemera kwake, kenako n'kupereka zonse m'manja mwa Mulungu. Amuna awo, a Chawezi, ndi nesi ngati ine, ndipo tinadziwana pachipatala chimene tonse timagwirapo ntchito. Iwo ndiwo anatsogola kubwera ku England. A Dailesi anawatsatira ndi ana awiri, Yewo ndi mng'ono wake, patatha chaka, n'kulowa ntchito panyumba yosamalira okalamba. Ankawakonda agogo aja, koma kunyamula anthu tsiku ndi tsiku kunawathyola msana, mpaka dokotala anawauza kuti asiye.

Miyezi yotsatirayo inali yovuta. Munthu wozolowera phokoso la mumsika anangokhala m'nyumba duu, kuyang'ana mvula pawindo. Ndikapita kukawaona ndinkawapeza atavala zimene anagona nazo, wayilesi yakanema ikulankhula yokha.

Chinawadzutsa ndi foni. Tsiku lina akungoyendayenda pa intaneti, anaona kuti kuno kuli makampani obwereketsa tizipinda tamalata tosungiramo katundu, ndipo munthu akasiya kulipira n'kusowa osayankha makalata, katundu wake amamugulitsa pa okushoni. Wogula saloledwa kulowa. Amangoona zithunzi zinayi kapena zisanu zojambulidwa pakhomo, n'kutchula mtengo wake. A Dailesi anaimbira amuna awo ali kuntchito, chinthu chimene sachitachita.

"Bambo a Yewo, kunonso kuli mabelo," anatero. "Kungoti kuno amawatsekera ndi loko."

Chipinda choyamba chinawagwetsa. Anapezamo matilesi ovunda, mawayilesi akufa ndi matumba a zovala zankhungu, ndipo zonse zinathera kudzala. A Dailesi anangoti belo loyamba ndi la sukulu. Posakhalitsa anayamba kuwerenga zithunzi zija monga ankawerengera mabelo. Matumba akuda oponyedwa chiponyeponye ankawalambalala, poti mwini wake anachoka mothawa ndipo zabwino anapita nazo. Ankafuna makatoni omatidwa bwino, olembedwa m'mbali, osanjidwa akuluakulu pansi. Munthu wosanja motero, iwo amati, ankakonda zinthu zake ndipo ankaganiza kuti adzabweranso.

Katundu akafika amamusunga m'galaja. Amatsuka chilichonse, kuchijambula pawindo la kukhitchini m'mawa kuwala kukadali kwabwino, n'kuchiika pa intaneti. Masana umawaona akutsetsereka kupita ku positi ofesi akukankha ngolo yakale ya mwana, yodzaza maphukusi opita kumadera amene iwo sanafikeko. Nkhope inabwerera, ndipo kutchalitchi anayambanso kutsogolera nyimbo.

Chaka chatha m'mwezi wa Malichi anapambana chipinda china ku Sheffield. Amuna awo anali pantchito, ine ndinali pa ofu, choncho ndine ndinayendetsa vani imene anabwereka. Titakweza chitseko, a Dailesi anamwetulira. Munali mbedza zophera nsomba, malekodi a nyimbo, yunifolomu ya dalaivala wa basi yokutidwa bwino m'pulasitiki, ndi makatoni asanu a timabasi tazidole, kalikonse m'kabokosi kake. Anandiuza kuti azungu achikulire amalimbirana timabasi timeneti ngati ana.

Pakona, kuseri kwa kabati, panali katoni yaing'ono yolemera modabwitsa. M'kati munali chigubu chapulasitiki chobiriwira, chonga chija amagulitsiramo maswiti. A Dailesi anatsegula, n'kuona zinthu zotuwa ngati mchenga, ndipo anandifunsa ngati anali feteleza wa maluwa. Ine ndinawerenga kapepala komatidwa pambali. Panali dzina lakuti Harvey Illingworth, tsiku limene anamwalira, ndi dzina la malo owotcherako mitembo. Ndinawauza kuti chimene anyamulacho ndi munthu.

Sanakuwe, sanachiponye. Anatseka chigubucho pang'onopang'ono, n'kumasula chitenje chimene anamanga m'chiuno pogwira ntchito, n'kuchifunditsa. Kenako anagwada pasimenti pozizira paja.

"Pepani bambo," anatero m'Chichewa. "Sitinadziwe kuti muli muno."

Tinapita nacho ku ofesi ya pamalopo. Mtsikana amene tinamupeza anali waulemu ndithu. Anati zoterezi zimachitika, tingosiya, achiika pashelefu ya m'chipinda chakumbuyo mpaka achibale atabwera. Anatinso amene ankalipira chipindacho anali mkazi wa malemuyo, koma naye anamwalira. A Dailesi anafunsa ngati pashelefupo panali ena. Mtsikanayo anati analipo awiri, ndipo mmodzi anamupeza pomwepo pamene ankayamba ntchito. A Dailesi anandiyang'ana, n'kunyamulanso katoni ija. Ulendo wonse wobwerera ku Wakefield anaifungata pamiyendo, ndipo anandiletsa kutsegula wayilesi.

Kunyumba kunabuka nkhani. A Chawezi amaona imfa sabata iliyonse kuntchito, koma anakanitsitsa kuti maliro a eni ake agone m'nyumba mwawo. Anafunsa kuti akanakhala ku Rumphi, akanawauza chiyani akuluakulu. A Dailesi anayankha kuti akuluakulu omwewo ndi amene anawaphunzitsa kuti mlendo akafera pakhomo pako sumufunsa mtundu. Anakambirana mpaka anagwirizana kuti bambo Harvey akhale m'galaja. A Dailesi anasesa, anachotsa katundu pashelefu yapamwamba, anayalapo nsalu yoyera. M'mawa uliwonse polowa kukatenga maphukusi ankayamba awadzutsa kaye bamboyo. Ndipo pa katundu yense wa chipinda chija sanagulitsepo ngakhale kabasi kamodzi, ati sugawa zovala za munthu asanaikidwe.

Anayamba kufufuza m'makatoni, osati ngati wamalonda tsopano koma ngati wachibale. Anapeza makadi a Khirisimasi a zaka zambiri, onse ochokera kwa munthu mmodzi wosaina kuti Ellen, mlongo wako. Pa envulopu ina panali adiresi ya ku Sheffield komweko. Analemba kalata pamanja, n'kudikira masabata atatu osayankhidwa. Ine ndinawauza kuti achita mbali yawo, mwina mayiyo naye anatisiya. Iwo m'malo mondiyankha anandifunsa nthawi ya sitima.

Anapita okha. Chigubu anachisiya, poti maliro safika pakhomo uthenga usanafike. Anakwera zitunda za Sheffield ndi msana wawo uja, n'kupeza kuti m'nyumbamo mukukhala anthu ena. Bambo wina woyandikana nayo, amene ankatsuka galimoto panja, ndiye anawalozera nyumba za okalamba kumunsi kwa msewu. Mayi Ellen anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi. Anatsegula chitseko pang'ono, tcheni chili chikolekere, n'kunena kuti sagula kanthu ndipo tchalitchi ali nacho kale. A Dailesi anatulutsa imodzi mwa makadi aja n'kuwaonetsa pampatapo.

"Mayi, achimwene anu ali kwathu," anatero m'Chingerezi. "Ali bwinobwino, pamalo pouma. Ndabwera kudzakuuzani."

Anakhala kumeneko mpaka madzulo. Zinadziwika kuti pamaliro a Harvey, mayi Ellen anayambana ndi mlamu wawo pa nkhani yaing'ono, ndipo sanalankhulanenso. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi sankadziwa kumene mchimwene wawo anathera, ndipo ankachita manyazi kufunsa.

Mayi Ellen anafuna kuti phulusalo likamwazidwe kumene basi imene Harvey anayendetsa zaka makumi atatu imakathera, kumene nyumba zimalekeza n'kuyamba mapiri audzu. A Dailesi anandiuza kuti kumwaza munthu kumphepo kunawavuta mumtima, koma maliro ndi a eni, iwo anali ongothandiza. Chimene sanathe kuchimeza ndi yankho limene analandira atafunsa kuti kudzabwera anthu angati. Mayi Ellen anati adzakhala iwo okha, ndi a Dailesi ngati ali ndi mpata.

Lamulungu lotsatira a Dailesi anaimirira nthawi ya zolengeza n'kuuza mpingo kuti kuli zovuta kwa a Mhango. Anthu anadzidzimuka, n'kuyamba kuyang'ana a Chawezi ngati ali moyo. Atafotokoza bwinobwino, ena anaseka, ena anapukusa mitu, koma Loweruka lake tinapezeka anthu makumi awiri ndi atatu pamalo okwerera basi ku Sheffield. Amayi a Mvano anavala zoyera ndi zakuda pansi pa majekete. Ena anachokera kuntchito osagona. Tinadzaza basi ija, mayi Ellen atakhala kutsogolo ndi chigubu chokutidwa chitenje, ndipo dalaivala ankangotiyang'ana pagalasi.

Kuphiriko kunali mphepo yoluma makutu. A Chawezi, amene poyamba anakana zonsezi, ndiwo anawerenga mbiri ya malemu, imene akazi awo anaitolera m'makatoni: chaka chimene anayamba ntchito, satifiketi yoyendetsa zaka makumi awiri osachita ngozi, nsomba yaikulu imene anajambulitsa nayo. Tinaimba nyimbo ziwiri za kwathu. Mayi Ellen anatsegula chigubu, a Dailesi atawagwirira chigongono, ndipo mphepo inachita zotsalazo.

Pobwerera m'basi, mayi Ellen anayamba kuseka okha, misozi ili m'masaya. A Dailesi anawafunsa ngati talakwitsa penapake.

"Harvey sankapemphera, ndipo nyimbo za m'tchalitchi ankati zimamupweteketsa mutu," anatero. "Koma chimene ankadana nacho kwambiri ndi kuyendetsa basi yopanda anthu. Lero akanakondwa."

Pa katundu yense mayi Ellen anatengapo zithunzi ndi chipewa cha yunifolomu basi. Zotsalazo anati a Dailesi agulitse, ndi zawo, anagula. Timabasi tija tinatha m'masabata awiri, ndipo a Dailesi anasiya kubwereka vani, anagula yawoyawo, yakale koma yolimba.

Masiku ano mayi Ellen amabwera ku Wakefield Lachinayi lililonse. A Dailesi amakawatenga pa siteshoni n'kuwakhazika kukhitchini, kenako amawabweretsera zinthu zachizungu zakalekale zimene iwo sakuzidziwa ntchito yake. Ana amawaitana kuti agogo, ndipo ndi mawu okhawo a Chichewa amene amawatchula osakakamizidwa. Sabata yatha ndinawapeza awiriwo akukangana pa kachitsulo kena kokhala ndi mano. A Dailesi ankati n'kopalira nsomba, mayi Ellen ankati n'kokongoletsera batala alendo akamabwera, ndipo mayi awo anali nako kotero. A Dailesi anati anthu okhala ndi nthawi yopesa batala ndiye kuti analibe mavuto. Komabe analemba zimene anauzidwazo, ndipo pamene ndinkatsanzika n'kuti munthu wina wa ku Leeds atakagula kale.