Ndinanyamula Maliro M'chikwama

Ndinanyamuka ku Irene, pafupi ndi Pretoria ku Joni, Lachinayi m'mawa, tsiku limene antchito a m'nyumba tinkapuma. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nyengo yachisanu, udzu uli mbuu. Abwana anga, Mzungu wokalamba wamasiye, ankasonkhanitsa masamba othothola m'mabuku akale ofotokoza maiko: mapu, mapiri, mitundu ya anthu. Mwendo utawavuta, anandituma kukawatengera tsamba lina ku Pretoria West. Ndinavomera msanga, pakuti mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, anali atangochira kukomboni ya Atteridgeville, ndipo mdzukuluyo ndinali ndisanamuone. Kuphonya tsikulo kunali kudikira mwezi wina, pakuti ulendo wautali ndinkaloledwa kamodzi pamwezi.

Sitima ndinakwera ya kalasi yachitatu, pa masenti ochepa. Mayi wina wa Chipedi anandinyemera gwinya, lomwe kwathu timati mandasi, nayang'ana chikwama changa chophwatalala.

"Anzathu amapita m'tauni ndi katundu," anatero. "Inu mwanyamula mphepo."

Nditatsika pasiteshoni yaikulu ndinakwera basi ya anthu akuda mpaka kumagalaja. Sitolo yogulitsa masambawo inali kuseri kwa wowotcherera zitsulo, ndipo m'kati munkanunkha chuku. Zikuto za mabuku zinali zitaunjikidwa pakona, zopanda zam'kati, ngati zikopa za mbuzi. Mwini wake, Mzungu wowonda, ankadula tsamba ndi lezala mosamala.

"Buku lamoyo silipeza wogula," anandiuza osadzutsa mutu. "Ukalipha, aliyense afuna nthuli yake. Ndiwe Mnyasa? Ndiye awa ndi akwanu."

Anandiyalira tsambalo. Chinali chithunzi cha maliro: mtembo wokulunga m'mphasa, adzukulu okumba manda, ndi khamu loweramira m'dzenje. Mayi mmodzi yekha sankayang'ana dzenjelo. Ankayang'ana ine. Mphini za m'masaya mwake ndi mlomo wopendekera kumanzere zinali za apongozi anga, Anaphiri, amene anamwalira ku Dedza ife tili ku Joni. Mapepala a ulendo sanatuluke, ndipo ine, malemu amuna anga ndi akulu awo, tonse maliro amenewo tinangowamva.

Ndinaphunzira mpaka sekondale, ndiponso ndine mayi wa mpingo. Ndikudziwa kuti inki ilibe maso, ndi kuti tsambalo linasindikizidwa Anaphiri asanabadwe. Komabe nditaliika m'chikwama, m'basi ya ku Atteridgeville, imene inadzaza mpaka ena kuimirira, palibe anakhala pampando wa pafupi nane. Mwana wina kumbuyo kwa amake anayang'anitsitsa chikwamacho, nabisa nkhope.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinaima pachipata. Kwathu munthu wochokera kumaliro sayandikira khanda asanasambe m'manja, ndipo ine maliro ndinali nawo pansi pa mkono. Alamu anga, a Chikaonda, akulu a malemu amuna anga, ankawothera dzuwa pakhonde.

"Mlamu, mwaima ngati wapolisi wofunsa mapasi. Lowani."

"Sindingalowe, Alamu. Taonani chimene ndanyamula."

Anabwera ndi ndodo yawo, nayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Kenaka anavula chipewa.

"Awa ndi Amayi."

"Sangakhale iwo. Pepalali ndi lakale kuposa agogo awo."

"Ndamva. Koma inu munawalira?"

"Ayi."

"Nanenso ayi. Ndiye atopa kudikira, atilondola."

Mwana wanga anatuluka, nasuzumira. "Eish, Amayi, ndi pepala chabe. Mwana ali m'nyumbamu, nthawi ikukutherani."

"Iwe," anatero a Chikaonda mosakweza mawu, "katunge madzi m'beseni."

Tinakoleka chikwama pawaya wa mpanda, kunja kwa bwalo. Ndinavula nsapato, ndinagwada pafumbi, ndipo ndinayamba kulira monga amalirira wofika mochedwa pasiwa, kutchula dzina la apongozi anga ndi mudzi wawo. Poyamba mawu ankandikana. Alamu atayamba kubuma pambali panga, zonse zinatseguka. Anansi anatuluka, ndipo mayi wina wa Chizulu, wosadziwa amene tikulira, anadzagwada nafe. Titatonthola tinasamba m'manja pachipata pomwepo, madziwo ndi kuwataya kumsewu.

Pamenepo ndinalowa. Mpongozi wanga anandipatsa khandalo, kamtsikana kofunda, konunkhira sopo. Kanatsegula maso, kanandiyang'ana, ndi kugonanso osalira. Ndinamwa tiyi ndi buledi ndili nako pamiyendo, ndipo sindinakatule mpaka nthawi ya basi itakwana.

Pobwerera, m'sitima ya madzulo, bambo wina wa kufakitale anakhala pafupi nane, nagona atatsamira chikwama chomwecho. Ndinamusiya agone.

Abwana analiika tsambalo m'galasi, nalipachika m'khonde la m'nyumba, ndipo ndinalipukuta fumbi zaka zonse zimene ndinagwira kumeneko. Ulendowo unandiphunzitsa kuti maliro osalira saola. Amangoyenda kufunafuna eni ake. Mayi wa m'chithunzi uja, kuyambira tsiku limenelo, amayang'ana m'dzenje monga anzake. Nditafunsa, abwana anati wakhala choncho chisindikizire. Sindinawatsutse.