Tinkasinthana Pomupatsa Magazi

Kwathu ku Liwaladzi tinali ndi lamulo limene sitinaphunzitsidwe ndi wina aliyense. Mng'ono wanga akagonekedwa kuchipatala cha pa boma, malungo atamumaliza magazi, munthu mmodzi sankapereka kawiri. Anayamba bambo, kenako amalume, kenako azakhali ndi abale ena, ine pambuyo. Mayi ankati mwana ndi wa mtundu wonse, pasadzapezeke wodandaula kuti anamanidwa mpata. Tsiku langa ndinachita mantha poona singano, koma pobwerera ndinkaonetsa aliyense mu minibasi kathonje ka pamkono.

Mng'ono wangayo anakula, anakwatiwa ku Joni, ndipo ali komweko mtima wake unayamba kufooka. Ndinakwera basi kukamudwazika. Madokotala anati mankhwala alephera, chatsala n'kumuika mtima wa munthu womwalira. Anamulemba pamndandanda, tinayamba kudikira.

Miyezi inadutsa. Pachipatalapo panalinso khanda la miyezi inayi lodikira mtima. Linaupeza, wa gulu la magazi losiyana ndi lake, n'kutuluka likuyamwa. Sindibisa, zinandiwawa. Ine pakamwa sipachedwa, ndiye ndinakafunsa dokotala ngati akutidumpha chifukwa ndife obwera.

Anandikhazika pansi. Anati thupi lili ndi asilikali amene saiwala mlendo aliyense amene analowamo. Asilikali a khanda amakhala asanaphunzire kukana munthu. Koma mwa mng'ono wanga, magazi a munthu aliyense amene analandira, ndi mimba zake ziwiri, zinasiya asilikali atsopano. Mitima yambiri imene inkapezeka, thupi lake likanalimbana nayo ikangoikidwa.

"Analandira magazi a anthu angati?" anafunsa.

Ndinawerenga ndi zala. Dzanja limodzi silinakwane.

"Nthawi imeneyo munamupulumutsa," anatero. "Musadziimbe mlandu."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima sizinalowe.

Ndinapeza mng'ono wanga akusenda nthochi pang'onopang'ono, akupumira m'mwamba. Anali atauzidwa kale.

"Achemwali, mayi akaimba foni muwauza chiyani?"

"Zoona zake."

"Ayi. Muwauze kuti mtima sunapezeke, basi. Amalume anapita, bambo anapita. Mayi atsala okha ndi nkhani yosinthana kupereka magaziyi, ndipo amainena monyadira. Asiyeni."

Mpaka lero akudikirabe. Lamlungu lililonse mayi amaimba akaweruka kutchalitchi, ndipo ine, amene sindinawabisirepo kanthu chibadwire, ndimawauza kuti mtima sunapezeke.