Si makoswe amene amaboola nsapato za atate

Mwachoma bwanji nonse. Ine pano mutu waima.

Lero nawapeza atate kuseri kwa nyumba, mpeni kumanja, akuboola mkati mwa nsapato zatsopano zija munatumiza. Ife zaka zonsezi timanamizira makoswe, mpaka kuthira mankhwala nyumba yonse.

Nitawafunsa, anionetsa pansi pa mapazi. Pali zotupa zolimba ngati nthanga za masuku. Akuti zinayamba m'ma 1950, akuthamangira kusukulu ku Chalimbana. Amaboola nsapato kuti zotupazo zipeze pokhala, mwakuti m'mawa uliwonse amathamangabe kupita kudimba.

Nawauza kuti mawa tipite kuchipatala ndipo asiye kuthamanga. Iwo ati, "Kuchipatala nipita. Koma ukanikhazika pansi, ukumbiretu manda."

Akulu anga, nithandizeni nzeru. Mpeni uja niwalande kapena niwanolere?